Njinga yanga inagona masiku 19 ku yadi ya abulekidauni ku Joni

Abale anga amene mumayendetsa njinga za delivery kuno ku Joni, ndalemba izi chifukwa mwezi wathawu mnyamata wina wa ku Mangochi anandiimbira ali pa ngozi ku Fourways, mawu akunjenjemera, akuti achimwene pabwera anthu a bulekidauni, aja okoka magalimoto ochita ngozi, akufuna ndisaine. Ndinamuuza kuti usagwire cholembera chimenecho, ndikubwera. Ine panalibe wondiuza choncho.

Kwathu ndi ku Balaka, kuno ndimakhala ku Cosmo City. Ndinayamba ndi njinga ya lendi monga ambiri timayambira, kulipira mwini wake sabata ndi sabata, kenaka nditasunga movutikira ndinagula yanga, Boxer yogwiritsidwapo kale ntchito, R16,500. Tsiku lomwe ndinaitenga ndinaijambula n'kutumiza kumudzi, mayi a ana anayankha kuti tsopano tayamba kuoneka ngati anthu. Inshuwalansi sindinaike. Ndinkati ndiika mwezi wa mawa, mwezi wa mawa uja unangokhala ukusuntha.

Ngozi inachitika Lachinayi pa 1 June 2023, cha m'ma 6 koloko madzulo, kunja kutada kale chifukwa June kuno ndi nyengo yozizira ndipo dzuwa limalowa msanga. Magetsi anali atazima, load shedding ija, maloboti a pa Malibongwe Drive osayaka. Mukudziwa kuti loboti ikafa pamasanduka four way stop, wofika poyamba ndiye amadutsa poyamba. Ine ndinaima, ndinaona kuti ndi nthawi yanga, ndinanyamuka ndi oda ya kasitomala m'bokosi. Galimoto yoyera yochokera kumanzere sinaime nkomwe. Chomwe ndimakumbuka ndi phokoso, kenaka ndili chagada pa tala ndikuona nyali za magalimoto, mkono wakumanja sukumva za ine.

Ambulansi isanafike, apolisi asanafike, abulekidauni anali atafika kale. Awiri. Mpaka lero ndimadabwa kuti anthu amenewa amanunkhiza bwanji ngozi, amakhala atakocheza pamphambano zikuluzikulu makamaka magetsi akazima, kudikira ngati akhwangwala pa mtaya. Mmodzi anabwera n'kugwada pafupi nane, munthu waulemu kwambiri, anandivula helimeti bwinobwino (pambuyo pake anesi anandiuza kuti zimenezo n'zosayenera, munthu wovulala sumuvula helimeti usanadziwe za khosi), anandifunditsa jekete yake. Akuti m'bale wanga usadandaule, njinga yako ikagona pano usiku uno mawa supeza olo tayala, ife tikusungira, ndipo amene wakugundayu ali ndi inshuwalansi, iwo ndi amene alipire zonse. Anandipatsa pepala pa kathabwa kaja. Ndinasaina ndi dzanja lamanzere, mumdima, osawerenga chilichonse, sindikudziwa kuti chimene ndinalemba chinali siginecha kapena mzere chabe.

Siginecha imeneyo ndi imene inandidyera ndalama za miyezi itatu. Ndinadzamva mochedwa kuti lamulo la pamsewu la kuno, National Road Traffic Act ya 1996 pa section 61, limati munthu sangachotse galimoto kapena njinga pamalo a ngozi popanda chilolezo cha mwini wake kapena woyendetsa, kupatula kungoisuntha kuti magalimoto ena adutse. N'chifukwa chake amathamangira kuti usaine ukadali wosokonezeka mutu. Njinga si lole, anthu awiri amaikokera pambali pa msewu basi msewu watseguka. Kunyumba kwanga kunali mphindi khumi zokha kuchokera pamenepo, ndipo pali achimwene ena a ku Mzimba oyandikana nawo nyumba amene ali ndi bakkie, galimoto ya pikiapu, akanabwera kudzaitenga ndi R300 kapena mafuta okha. Foni inali m'thumba, sinasweke. Sindinaganize.

Kuchipatala ndinagona mpaka Lolemba. Mkono unathyoka pafupi ndi pa wotchi, anandiika chikhakha, bondo linasupuka kwambiri. Masiku anayi amenewo za njinga sindinkaziganiza kwenikweni, mumtima ndinkangoti ili pabwino, akundisungira anthu achifundo aja. Mlamu wanga atabwera kudzandiona Loweruka anandifunsa kuti njinga ili kuti, ine ndinati ili ndi abulekidauni, iye nkhope inasintha. Anati alamu, mwasaina? Ndinati eya. Anangogwira pakamwa. Koma poti ndinali ndi ululu sanafune kundiwonjezera nkhawa, anangoti tikambirana mukatuluka. Pano ndimamuuza kuti bola ukanandiopseza tsiku lomwelo, chifukwa akanapita iye Lolemba m'mawa ndi mapepala anga.

M'chipatala momwemo munkabwera anthu ogawa timakhadi ta maloya, akuti tikuthandizani kupeza ndalama ku Road Accident Fund (RAF), thumba la boma lolipira ovulala pa ngozi za pamsewu. Ine ndinasangalala, ndinkaganiza kuti ndiye kuti njinga ilipiridwa kumeneko. Ayi ndithu. RAF imaona za kuvulala kwa thupi ndi imfa basi, za njinga, foni, bokosi, helimeti, kukoka ndi kusunga sizikuwakhudza olo pang'ono. Musamasakanize ziwirizi ngati mmene ndinachitira ine, chifukwa zinandipatsa mtima woti pali kwina kumene ndalama ichokere pomwe kunalibe.

Lachiwiri m'mawa ndinayamba ndi kupolisi kukanena za ngozi. Lamulo limati ukanene pasanathe maola 24, koma ngati wavulala moti sungathe umapita ukangopeza mphamvu, ine ndinatenga kalata ya kuchipatala ndipo sanavute. Anandipatsa nambala ya lipoti la ngozi, ija amati AR number. Imeneyi isungeni ngati pasipoti, kulikonse komwe ndinapita pambuyo pake ankayamba kufunsa imeneyo. Mwayi wanga unali woti mnzanga wina wa delivery wa ku Zimbabwe amene anaima pa ngozipo anajambula nambala ya galimoto ija ndi laisensi ya dalaivala, n'kunditumizira pa WhatsApp. Popanda mnyamata ameneyo sindikanadziwa olo dzina la amene anandigunda.

Kapepala kabulekidauni ndinakapeza m'thumba la jekete, kope yachikasu yosaoneka bwino. Pamalo polemba mtengo panalibe chilichonse. Pamalo polemba komwe njinga ikupita panalibenso chilichonse. Kumbuyo kwake kunali timalemba ting'onoting'ono tambirimbiri tomwe ndinayamba kuwerenga tsiku limenelo m'takisi, ndi pamene ndinaona mawu oti sitoreji, ndalama yolipirira kusunga katundu ku yadi, imawerengedwa tsiku lililonse ndipo katundu satuluka mpaka ngongole yonse ithe. Ndinaimba nambala yake katatu osayankha, kachinayi mayi wina anandiuza komwe kuli yadi, kumafakitale kumwera kwa tawuni, kudutsa Johannesburg yonse. Matakisi awiri kupita, awiri kubwera, ndi mkono uli pakhosi.

Tinafika ndi mlamu wanga cha m'ma 2 koloko. Mpanda wautali, waya pamwamba, agalu, kawindo kakang'ono kolankhulirapo. Mayi uja anatenga kapepala n'kulemba ndi bolopeni: kukoka R2,950, admin R600, release fee (yotulutsira njinga) R450, sitoreji R320 pa tsiku kuchulukitsa masiku 6. Zonse R5,920. Ndinaseka, ndinkaona ngati walakwitsa, mwina waganiza kuti ndi galimoto. Ndinati mayi, ndi njinga, ka Boxer. Anati akudziwa. Ndinati koma munthu wanu ananena kuti inshuwalansi ya wondigunda ilipira. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti zimenezo zalembedwa pati? Kenaka anawonjezera kuti tsiku la ngozi lomwe, ngakhale njinga inalowa usiku, ndi tsiku lathunthu, Loweruka ndi Lamulungu nawonso amawerenga ngakhale ofesi imakhala yotseka moti olo utabwera ndi ndalama sungaitenge.

Ndinapempha kuti ndingoiona. Anakana poyamba, mlamu wanga atalimbikira anatilola kulowa ndi mlonda. Inali itatsamira pa galimoto ina yophwanyika, pamtetete, mafoloko akutsogolo atapindika, limu yapindika, nyali yasweka, thanki yaphwanyika mbali imodzi. Injini inali bwinobwino. Bokosi linalipo koma chotchajira foni ndi malaya amvula zomwe zinali mkati munalibe, ndipo popeza pa pepala lija sanalembe katundu amene anali pa njinga, ndikanaloza ndani? Ndinajambula zithunzi mbali zonse, ichi chokha ndi chimene ndinachita mwanzeru tsiku limenelo.

M'thumba ndi ku akaunti ndinali ndi R2,100 yonse pamodzi. Mlamu wanga anati tiyeni tikongole lero lomwe, ku gulu, kwa abale, olo kwa akatapila, tiitulutse mawa, za amene walakwa tizikangana njinga ili kunyumba. Ine ndinakana. Apa ndiye pamene ndinalakwitsa kachiwiri ndipo kulakwitsa kumeneku kunali kwanga ndekha, sindinganamizire ululu kapena mdima. Mtima unali utatupa, ndinkati wolakwa si ine, ndilipirirenji? Munthu wandigunda, wandithyola mkono, ndiye ndikakongolenso ndalama? Alipire yekha.

Nde ndinayamba kulondola dalaivala uja. Tsiku loyamba anayankha bwino, akuti pepani kwambiri, ndauza kale a inshuwalansi yanga akuimbirani. Palibe anaimba. Ndinaimba ine, anandipatsa imelo, ndinatumiza AR number, zithunzi, laisensi yanga, mapepala a njinga, anayankha patatha masiku atatu kuti akudikira kasitomala wawo apereke mbali yake. Kenaka akuti kasitomala wathu akunena kuti inu ndi amene simunaime. Kenaka akuti tikufuna makotesheni a kukonza, ine ndikuti ndipanga bwanji kotesheni njinga ili yotsekeredwa, makaniko sakumulola kulowa. Chomwe sindinkadziwa n'choti inshuwalansi ya munthu wina si yako, ntchito yawo ndi kuteteza kasitomala wawo, iwe ulibe mgwirizano nawo ndipo sathamanga. Mayi wina kumeneko, amene ndimamuthokozabe chifukwa ananena chilungamo, anandiuza pa foni kuti bambo, olo titavomera kulipira, sitoreji ya masiku onsewa sitingaivomere, tidzanena kuti munayenera kuchotsa njinga msanga kuti ndalama isachuluke. Limenelo linali tsiku la 13. Ndinakhala pa bedi ndi kakalikuleta ka pa foni, 13 kuchulukitsa 320, thukuta kutuluka m'nyengo yozizira.

Masiku amenewo anali owawa kuposa mkono. Lendi ya chipinda inali itakwana, kumudzi akudikira ya fizi, ine sindikugwira ntchito, ndipo m'mawa uliwonse ndikadzuka chinthu choyamba kubwera m'mutu chinali choti R320 ina yapita ndili m'tulo. Mayi a ana sindinawauze za yadi, ndinangowauza za mkono. Ankati bola moyo, njinga ilipo mudzayambiranso, ine n'kumangoti eya.

Ndinagonja Lachitatu pa 14. Ndinapita kwa akuluakulu a gulu lathu la chipereganyu, anthu a kwathu okhaokha amene timasonkha mwezi ndi mwezi, ndinawafotokozera zonse osabisa. Anandikalipira kaye, makamaka bambo ena achikulire amene akhala kuno kuyambira kalekale, akuti mwana iwe nkhani ngati iyi umabwera nayo tsiku loyamba, fisi akagwira mbuzi sufunsa kaye kuti khola anatsegula ndani. Anagwirizana zondipatsa R5,000 ya mwezi umene sunali wanga, mlamu anawonjezera R1,500. Ndalamazo ndinazilandira Lachinayi usiku, ndinati mawa m'mawa ndikatenge. Mawa lake linali 16 June, Youth Day, holide. Yadi yotseka. Loweruka yotseka, Lamulungu yotseka. Masiku atatu ena, R960, ndalama ili m'manja koma chipata chokhoma. Ndinalira ndithu, sindichita manyazi kunena.

Lolemba pa 19 tinapita anthu atatu, ine, mlamu ndi bambo achikulire aja, ndi bakkie ya achimwene a ku Mzimba itaima panja. Bilu inali R10,080. Njinga ya R16,500, yophwanyika kutsogolo. Kunena zoona ndikanakhala ndekha ndikanangoisiya, ndipo ndikuganiza kuti ambiri amatero, m'yadimo munali njinga za delivery zingapo zitachita dzimbiri mabokosi akadali pamwamba. Mayi wa pawindo anali atandiuza kale kuti katundu akakhalitsa amamugulitsa kuti abweze ndalama zawo.

Bambo aja sanakweze mawu olo kamodzi. Anapempha kuonana ndi bwana wa pamalopo, osati wa pawindo. Anapempha invoyisi yeniyeni yosindikiza yokhala ndi dzina la kampani ndi chilichonse chimene akulipiritsa pachokhapachokha, osati kapepala ka bolopeni. Anatulutsa kope yachikasu ija n'kuloza malo a mtengo opanda kanthu, malo a komwe njinga ikupita opanda kanthu, siginecha yokhotakhota, pambali pake anaika kalata ya kuchipatala yoonetsa kuti munthuyu anasaina mkono uli wothyoka akudikira ambulansi. Anafunsa ngati kampaniyo ili membala wa bungwe la okoka magalimoto, SATRA kapena UTASA, kuti tikafunse kumeneko ngati mitengo imeneyi ndi yoyenera njinga. Anatchulanso Consumer Protection Act, lamulo loteteza makasitomala, ndi ofesi yomva madandaulo a zamagalimoto ya Motor Industry Ombudsman. Kenaka anati, bwana, njinga iyi mukaigulitsa mmene ililimu mupeza zingati? Ife tabwera ndi ndalama m'manja lero.

Bwanayo analowa mkati, anatisiya panja pafupifupi ola lathunthu, ndikuganiza ankafuna tione ngati titope. Atabwera anachotsa release fee, anachotsa admin, anachotsa masiku ena a sitoreji, n'kunena kuti R7,000 ndipo asamvenso zambiri. Tinali ndi R6,500 ya ngongole ija ndi kangachepe kanga kotsala, tinakwanitsa. Bambo aja anandiuza kuti ndisanasaine ndilembe pa invoyisi kuti ndalipira under protest, kutanthauza kuti ndalipira kuti nditenge katundu wanga koma sindikuvomereza mtengowo, ndipo ndinatenga lisiti. A ku yadi anafunanso mapepala a umwini wa njinga ndi pasipoti, mwamwayi njinga inali m'dzina langa. Amene muli pa njinga ya lendi kapena munagula osasintha dzina, dziwani kuti pamenepa mukhoza kubwezedwa olo muli ndi ndalama, mwini wake wa pa mapepala ayenera kubwera kapena kulemba kalata, ndipo tsiku limenelo nalonso liwerengedwa.

Tisanaikweze pa bakkie ndinafanizira ndi zithunzi za tsiku la 6 zija. Batire munalibe. Ndinaonetsa mlonda chithunzi, anapita kuseri, anabwera ndi batire, kaya inali yanga kaya ya njinga ina, sindinafunse.

Makaniko wa ku Kya Sands, m'Malawi mnzathu, anaikonza ndi R3,200 pogwiritsa ntchito zipangizo zakale za njinga ina, ndinamulipira pang'onopang'ono. Bakkie R400 chifukwa ulendo unali wautali. Matakisi, mafotokope, ma airtime oimbira a inshuwalansi sindinawerenge nkomwe. Mukaphatikiza ndi pafupifupi R11,000 pa njinga imene ndikanaitengera kunyumba usiku womwewo ndi R300, kukonza kokha ndi kumene kunali kosathawika. Ndikanamvera mlamu wanga tsiku la 6 n'kupita ndi bambo aja nthawi imeneyo, mwina tikanatsitsa kuchoka pa R5,920 osati pa R10,080.

Za dalaivala uja, a inshuwalansi yake anamaliza ndi kunena kuti aliyense akonze chake poti maloboti anali ozima ndipo palibe umboni. Ndinapita ku khoti la majisitireti kukafunsa za Small Claims Court, kumene umasuma wekha popanda loya pa ndalama zochepa, nthawi imeneyo zosapitirira R20,000. Kalaliki anandithandiza kulemba kalata yomupatsa munthuyo masiku 14 kuti alipire, ndinaphatikiza invoyisi, lisiti ya makaniko, zithunzi, ndipo mnzanga wa ku Zimbabwe uja anavomera kudzakhala mboni. Kalata itafika dalaivala anaimba yekha, mawu atafewa, akuti tisafike kukhoti. Tinagwirizana R6,000, anapereka R4,000 m'magawo awiri kenaka foni yake inasiya kulowa. Ndikanatha kupitiriza, koma chikhakha chinali chitachoka, ndinali nditabwerera pamsewu, ndipo tsiku lililonse lokakhala pa benchi ya kukhoti ndi tsiku lopanda maoda. Ndinazisiya. Ena amati ndinafooka msanga, mwina n'zoona.

Ngongole ya chipereganyu ndinamaliza mu October. Mayi a ana ndinawauza zonse ndalama itatha kubwezedwa, anakwiya sabata yathunthu, osati chifukwa cha ndalama koma kubisa.

Mnyamata wa ku Fourways uja tinamupeza atakhala m'mbali mwa msewu, abulekidauni atatu atamuzungulira, mmodzi atakweza kale tayala lakutsogolo pa galimoto yake. Ndinangofunsa kuti wasaina? Anati ayi. Ndinauza mkuluyo mwaulemu kuti tsitsani, bakkie yathu ikubwera, anatukwana pang'ono n'kutsitsa. Ikanakhala kuti bakkie palibe ndipo njinga iyenera kukokedwa basi, ndikanamuuza alembe mtengo wonse pa pepala tisanasaine, alembe adiresi ya kunyumba kwa mnyamatayo osati ku yadi, tijambule pepalalo ndi nambala ya galimoto yake. Ine pano mkati mwa chivindikiro cha bokosi langa ndinalemba ndi maka nambala ziwiri, ya mlamu wanga ndi ya achimwene a bakkie, ndipo pansi pake pali mawu a Chingerezi akuluakulu oti asakoke njinga iyi, imbani manambala awa. Inshuwalansi ndinaika mu November.